Manambala a ana a kukoleji ndi t test

Ophunzira ambiri amene amandipeza kuno ku Area 25 amafika atadyeredwa kale ndalama. Pali anyamata amene amakhala pafupi ndi malo osindikizira mapepala, laputopu pamiyendo, n'kumalonjeza kuti kafukufuku wa mwana atha lero lomwe. Amathira manambala mu SPSS, kudina apa ndi apo, n'kumupatsa pepala lolembedwa p = 0.000. Mwanayo amapita akumwetulira. Tsiku loteteza ntchito yake pamaso pa aphunzitsi, akangofunsidwa chifukwa chimene anasankhira test imeneyo, kukamwa kumauma. Zimandiwawa, chifukwa p singakhale ziro. Makinawo angodula manambala akumapeto, ndipo wogulitsayo sadziwa n'komwe.

Za avereji ndi standard deviation sinditayapo nthawi, aliyense wokhala ndi Casio amazitha. Ndimayambira pa matumba a mtedza ngati aja a ku Mgona. Tinene kuti thumba likuyenera kulemera makilogalamu 50. Mwayeza matumba khumi, avereji yatuluka 48.5, standard deviation 1.8. Kodi kuperewerako kwangochitika mwangozi pa matumba amene munatolawo? Gawani 1.8 ndi square root ya 10, mupeza 0.57. Kusiyana kwa 1.5 pakati pa 50 ndi 48.5 mukakugawa ndi 0.57, t ikubwera pafupifupi 2.6. Pa tebulo, degrees of freedom 9, pa 5 peresenti mbali zonse ziwiri, pali 2.262. Yathu yadutsa pamenepo, choncho tikukana zoti avereji ndi 50.

Pamene pamagona luso ndi posankha test, ndipo pamenepa ndimatha kukhalapo masana onse. Mwana amabwera ndi mizere iwiri ya manambala n'kuganiza kuti ali ndi magulu awiri. Ine ndimafunsa kuti: anthu ali mumzere uwu ndi omwewo ali mumzere winawo? Tinene kuti mwayeza ana khumi pasikelo asanayambe kudya Likuni Phala, n'kuwayezanso patatha miyezi itatu. Ana ndi omwewo. Apa mumachotsera mwana aliyense payekha, kulemera kwa lero kuchotsa kwa kale, n'kugwira ntchito ndi mzere umodzi wa kusiyanako. Imeneyo ndi paired t test, degrees of freedom 9. Mukawatenga ngati magulu awiri osiyana, mupita pa degrees of freedom 18 ndi 2.101, ndipo kusiyana kwa chibadwa pakati pa anawo, wina wamkulu thupi wina wochepa, kumameza kusintha kumene phala labweretsa. Mudzalemba kuti phala silinathandize pamene lathandiza. Koma ngati ndi minda ya alimi osiyana, ena athira manyowa ena feteleza, amenewo ndi magulu awiri enieni. Zokolola za gulu lina zikabalalika kwambiri kuposa za linzake, ndimatenga njira ya Welch ya mu 1947, yosakakamiza kuti kubalalikako kufanane.

Zonsezi anandiphunzitsa bambo ena achikulire amene sankalola kompyuta mpaka munthu atatha kuwerengera pamanja. Tebulo la t tinkalimata kuchikuto cha kope. Ankayenda pakati pa madesiki choko chili m'manja, n'kuima pambuyo pako osalankhula mpaka uone wekha pamene wagawa ndi n m'malo mwa n kuchotsa 1. Ankakonda kusimba za William Gosset, wogwira ntchito ku kampani ya mowa ya Guinness ku Dublin, amene ankavutika ndi zitsanzo zochepa za balere, ndipo mu 1908 anasindikiza njira ya t test pa dzina lakuti Student chifukwa kampaniyo sinkalola antchito ake kusindikiza pa mayina awo. Ankati ife tikufanana naye Gosset, chifukwa wophunzira wa kuno alibe ndalama zoyezera minda chikwi; ali ndi khumi kapena khumi ndi isanu. Yankho lothera pa nambala ankalibweza. Ankafuna chiganizo chimene mlimi angachimve. Ndipo ukalemba kuti watsimikiza null hypothesis, monga ija yoti avereji ndi 50, ankakudula ndi cholembera chofiira: kulephera kuikana sikutanthauza kuti ndi yoona, mwina zitsanzo zako zangochepa.

Ophunzira amene ndimawaphunzitsa mtengo wanga amaudandaula. Wina amachokera ku Kawale kapena ku Biwi usiku woti mawa ndi mayeso, akufuna zonse za semesita pa ola limodzi, pomaliza n'kunena kuti atumiza pa Mpamba akalandira ndalama ya upkeep. Ena amatumizadi, ena foni imasiya kugwira. Ena amandipempha poyera kuti ndisinthe manambala awiri atatu kuti p itsike pansi pa 0.05, akuti aphunzitsi safuna zotsatira zopanda kanthu. Amenewo ndimawabweza. Amene atsala ndimawauza abwere ndi mapepala enieni amene anadzaza kumunda kapena kuchipatala, osati tebulo lokonzedwa kale, ndipo timayamba ndi kuwerenga kuti amene anayezedwa ndi angati komanso anayezedwa kangati.