Kupempha pa foni, kulandira ndi manja awiri

Anzanga acinyamata, m'magulu athu ambiri muli mtima wofuna kuthandiza ana amasiye, nkhalamba ndi odwala, koma m'thumba la msungicuma mumakhala mulibe kanthu. Komatu m'masitolo a m'tauni mwathu muli katundu amene eni ake angathe kupereka osadandaula: makope amene cikuto cao cinada ndi fumbi, sopo amene katoni yake inanyowa, nsapato zotsalira za caka catha. Ndakhala mlembi wa gulu la acinyamata kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti wamalonda amaumira kutulutsa ndalama, koma katundu amapereka msanga, makamaka kwa anthu amene akuwadziwa ndi kuwakhulupirira.

Intaneti inafika m'Zambia mu 1994 kudzera ku Zamnet pa University of Zambia, ndipo masiku amenewo inali ya anthu owerengeka a m'maofesi. Lero mwini hadiweya ku Down Shops ku Chipata, kapena wogulitsa zovala ku Kamwala mu Lusaka, amalemba nambala ya WhatsApp pa cikwangwani ca sitolo yake, ndipo ambiri amaonetsa katundu wao pa Facebook. Tsono kuwapeza sikubvutanso. Cobvuta ndi cakuti pa foni yomweyo ndi pamene akuba amatumiza mauthenga onama akuti titumize ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN. Wamalonda akaona uthenga wocokera ku nambala yacilendo, coyamba amaganiza kuti ndi omwe aja. Sitingamuimbe mlandu pa zimenezi. Nchito yathu yoyamba ndi kumusonyeza kuti ndife yani.

Ife timayamba ndi kalata yeniyeni ya papepala, yosainidwa ndi akulu a mpingo ndiponso yokhala ndi cidindo. Kalatayo timaijambula ndi kuitumiza pamodzi ndi uthenga waufupi wochula dzina la gulu, kumene timasonkhana, ndi nambala ya mtsogoleri wa mpingo amene angafunsidwe za ife. Mipingo imalembetsedwa ku ofesi ya Registrar of Societies, motero gulu lacinyamata limacita bwino kupempha m'dzina la mpingo wake m'malo moima palokha. Uthengawo uyambe ndi moni waulemu monga mmene tingalonjerere bambo kapena mai amsinkhu wa makolo athu, osati ndi mau odula pakati amene timalemberana tokhatokha.

Caciwiri, timachula cinthu ceniceni. Uthenga wakuti "tithandizeni ndi ciliconse" umasenzetsa wamalonda nchito yoganiza, ndipo munthu wotanganidwa amangoupitirira. Kuyambira mu Januwale 2022 ana sakulipira fizi m'masukulu a boma, koma makope, nsapato ndi yunifomu zikali pamapewa a makolo, ndipo mwana wamasiye amene alibe zimenezi amakhala pakhomo. Conco kwa wogulitsa zolembera timalemba kuti tili ndi ana 15 ofuna makope 60 sukulu isanatsegulidwe, ndi kuti tidzabwera tokha kudzatenga. Kwa mwini cigayo timapempha thumba la unga la makilogalamu 25, kwa telala zidutswa za nsalu. Aliyense timamupempha cimene ali naco m'sitolo mwake.

Nthawi nayonso ndi yofunika. Za sukulu timapempha mu Novembala, cifukwa mu Januwale makope amakhala akuyenda malonda. Mvula ikayandikira timakumbukira kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, imene inacititsa kuti National Heroes Stadium isanduke malo a odwala ndi kuti masukulu acedwe kutsegulidwa mu 2024. Pamenepo timapempha sopo, klorini ndi zidebe zokhala ndi zibvundikiro za mabanja a nkhalamba. M'masitolo akuluakulu okhala ndi nthambi zambiri, manijala kawirikawiri sagamula yekha, koma amatumiza pempho ku likulu. Kumeneko timalemba imelo miyezi iwiri nthawi isanakwane, ndipo timadikira moleza mtima. Mwini golosale wa m'komboni mwathu angathe kuyankha tsiku lomwelo.

Tizikumbukiranso kuti wamalonda nayenso ndi munthu wokhala ndi mabvuto ake. Mu 2024, pamene cilala cinalengezedwa kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo zigayo, mabucha ndi ophika buledi anataya malonda. Munthu akakana, timamuthokoza cifukwa cowerenga uthenga wathu. Sitimamutumizira mauthenga tsiku ndi tsiku, ndipo sitilemba dzina lake pa Facebook kuti timucititse manyazi. Amene wakana lero angadzapereke caka ca mawa.

Pali zinthu zina zimene timakana ngakhale ziperekedwe ndi mtima wabwino. Cakudya cimene tsiku lake linapitirira sitilandira, cifukwa mimba ya wosauka siisiyana ndi yathu. Mankhwala a odwala sitilandiranso, pakuti imeneyo ndi nchito ya acipatala. Pa tsiku lotenga katundu timapita awiri kapena atatu, pa ola limene tinapangana. Timawerenga zonse pamaso pa mwini sitolo, ndi kulemba m'buku la gulu, ndipo onse amasaina. Kalembera ameneyu amateteza ifenso, cifukwa katundu waulere amabala mijedo msanga pakati pa abale.

Mbali imene magulu ambiri amaiwala ndi kubwerera kukanena mmene zayendera. Pasanathe mlungu umodzi timatumiza uthenga wothokoza wonena kumene katunduyo wapita. Mai wina wa golosale anatipatsa katoni imodzi ya sopo, ndipo titamuuza ciwerengero ca mabanja amene analandira, anayamba kutilembera yekha akakhala ndi zotsala. Koma pojambula zithunzi tizisamala. Tijambule katundu ndi manja ogawa, tisaonetse nkhope za ana kapena za odwala. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu payekha mu 2021, ndipo ngakhale popanda lamulo, mwana sayenera kulipira kope ndi ulemu wake. Wopereka nayenso timamufunsa ngati afuna kuchulidwa poyera. Ena amakondwera cifukwa zimakokera makasitomala, pamene ena amafuna kuti zikhale zacinsinsi.

Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa msonkhano wanu wotsatira, lembani maina a masitolo asanu amene mumagulako nthawi zonse, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani cinthu cimodzi cimene mwini wake angapereke, ndi munthu amene akucisowa. Sankhani mmodzi wodziwa kulemba mwaulemu kuti ndiye azitumiza mauthenga onse pa nambala imodzi. Mwini sitolo akayankha, balani nsapato mupite mukamuone maso ndi maso, ndipo cimene akupatseni mucilandire ndi manja awiri.