Mapanga awiri avumbwitsa

M'mbali mwa nyanja ya Chiuta, cha kuno ku Mecanhelas, muli mayi wina wamasiye amene amapeza ya mchere pogulitsa nsomba. Amagula makumba ndi milamba kwa asodzi, nkuwamba, nkumagulitsa kwa anthu a ku Insaca ndi ena ochokera ku Machinga, tsidya la Malawi. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndipo adawatumizira foni yaikulu kuti azionana nkhope pa WhatsApp Lamulungu lililonse madzulo.

Monga achitira anthu ambiri a m'malire, mayiwa adaikamo makhadi awiri. Ya ku Mozambique idali ya intaneti, pomwe ya ku Malawi idali yoti ogula nsomba aziwapezerapo.

Poyamba kudali chimwemwe chokhachokha. Koma posakhalitsa kudabuka vuto. Macheza ali mkati, foni inkalira, wina akufunsa za nsomba za mawa. Mayiwo ankaikana msangamsanga, koma pobwerera ankapeza nkhope ya mwana wawo itauma, kenaka nkuzimiririka.

Apa mpomwe padalowa maganizo oipa. Mnyamatayu adakwatira konko ku Joni popanda ankhoswe, ndipo nkhaniyi idali isanathe bwino. Iye ankaganiza kuti mayi ake akumudulira dala chifukwa cha mkwiyo. Nawo mayi ankati mpongozi wawo ndiye akulanda foni. Padatha miyezi iwiri osayankhulana, ndalama ya feteleza nayo osabwera.

Amene adamasula mfundoyi ndi mdzukulu wawo wamkazi, wophunzira ku sekondale ku Insaca, atabwera patchuthi.

"Agogo, musanaweruze munthu, tiyambe taiweruza foniyi," adatero mtsikanayo.

Adabwereka kafoni ka anansi. Adatsegula kanema pa foni ya agogo ake, nkuimbira nambala ya ku Malawi ija. Kanemayo adaima pomwepo. Atadula, adayambanso kuyenda. Adabwereza katatu konse, zomwezo. Kenaka adaimbira nambala ya ku Mozambique, ndipo onse adaona chilembo cha 4G pamwamba pa foni chikuchoka, nkubwera china.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mafoni ambiri a makhadi awiri ali ngati bwato la mpando umodzi. Makhadi onse amadikira pa dooko, koma wokwera ndi mmodzi. Munthu akaimba pa khadi ina, foni imasiya intaneti ya khadi inzake mpaka kuyankhulana kutatha.

Ngakhale pa khadi imodzi vuto limatheka. 4G idapangidwa kuti izinyamula intaneti, choncho wina akaimba, foni imatsikira ku 3G kapena 2G kukatenga mawuwo. Pa 3G intaneti imayenda ndithu koma mofooka. Pa 2G, pomwe foni imaonetsa E kapena G, nthawi zambiri imaimiratu. Pali njira yotchedwa VoLTE yomwe imayendetsa mawu pa 4G pomwepo, koma imafuna kuti foni ndi kampani ya netiweki zonse zikhale nayo. Vutoli silachilendo: m'zaka za m'ma 1990, intaneti ikudzera mu waya wa telefoni ya m'nyumba, anthu a m'tauni ankadandaula zomwezi.

Mankhwala ake sadadye ndalama. Mtsikanayo adachotsa khadi ya ku Malawi nkuibwezera m'kafoni kakale ka mabatani, kamene kadali m'chitini cha singano. Adauzanso agogo ake kuti pocheza azikhala pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira bwino.

Lamulungu lotsatira mdzukulu adaimbira malume ake nkuwafotokozera zonse. Mnyamatayo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Amayi, ine ndimayesa mwanditaya."

"Ndingataye bwanji mwana amene ndidathawa naye nkhondo ali kumsana? Tandipatse apongozi anga ndiwalonjere," adayankha mayiwo.

Tsiku limenelo adacheza mpaka batire idatha. Kafoni kakang'ono kadalira kawiri m'thumba, koma nkhope ya ku Joni sidasunthe.

Nkhani ya ankhoswe ikadalipo, ndipo akuti adzaikamba mnyamatayo akabwera pa Khirisimasi. Koma mayiwo akakumana ndi anzawo ku dooko akudandaula kuti ana a kutali akuwadulira mafoni, sachedwa kufunsa: "Kodi m'foni yanuyo muli makhadi angati?"