Ku Kottakkal, Kwawo kwa Mankhwala a Ayurveda

Dera la Kerala lili m'mbali mwa nyanja, kum'mwera chakumadzulo kwa India. Mvula yake yamkuntho imayamba kumayambiriro kwa Juni, ndipo ikagwa, mitengo ya kokonati, nthochi ndi minda ya mpunga zimabiriwira moti fumbi simulionanso. Tsabola wakuda wa kumeneko ndi amene anakopa Vasco da Gama mpaka kukakocheza pafupi ndi Kozhikode mu 1498. Ife chinatikopa ndi china: mankhwala a Ayurveda, amene ayamba kuoneka m'mashopu ndi pa intaneti kwathu kuno, ndipo mabanja ambiri akufunsa ngati ndi oyenera kulowa m'nyumba.

Kuchokera ku Kozhikode tinalowera kum'mwera, ku Kottakkal, tauni ya m'boma la Malappuram. Tauniyi inatchuka chifukwa cha Arya Vaidya Sala, malo amene sing'anga wina dzina lake P. S. Varier anakhazikitsa mu 1902. Lero pali chipatala, fakitale ya mankhwala ndi munda wa zitsamba. Sing'anga wa Ayurveda amatchedwa vaidyan, ndipo musaganize za munthu wa nsupa ndi mchira: ambiri ndi anthu amene anakhala pa benchi ya koleji zaka zoposa 5. Boma la India linakhazikitsanso unduna wa AYUSH mu 2014 woyang'anira mankhwala amtunduwu.

Mawu akuti Ayurveda amatanthauza “chidziwitso cha moyo”. Mabuku ake akale, monga Charaka Samhita, amaphunzitsa kuti m'thupi muli mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo matenda amabwera zikasiya kulingana. Chiphunzitsochi chinalukana ndi chipembedzo cha Chihindu, chimene chimati mankhwalawa anachokera kwa mulungu wawo Dhanvantari. Madokotala a sayansi sanapeze mphamvu zitatuzi m'thupi la munthu, ndipo ifenso sitikuona chifukwa choti banja la Chikhristu lizitengere. Komabe jinja ndi jinja, kaya wafotokozedwa ndi yani.

Chimene chinatisangalatsa kwambiri sichinali m'mabotolo. Anthu a ku Kerala amatenthetsa pang'ono mafuta a chitowe kapena a kokonati, n'kudzisisita nawo thupi lonse, n'kudikira kanthawi asanasambe. Khungu limafewa, ndipo munthu wouma miyendo m'nyengo yozizira angapindule nazo. M'mawa ena amapala lilime ndi kachitsulo kopindika, ena amatsuka mano ndi kamtengo ka nimu, mtengo womwe uja wadzadza ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Enanso amachukucha mafuta m'kamwa n'kulavula, ngakhale zimenezi sizilowa m'malo mwa mswachi. M'mwezi wawo wa Karkidakam, kuyambira pakati pa Julayi mpaka pakati pa Ogasiti, pamene mvula ili pachimake, mabanja amaphika phala la mpunga lothira zitsamba ndi mkaka wa kokonati, n'kumadya mopepuka. Amene akufuna poyambira, poyambira pake ndi pamenepa, ndipo zambiri mwa izi muli nazo kale kukhitchini.

Nkhani imakula munthu akalowa m'sitolo ya mankhwala. Mashelefu amakhala odzadza mafuta, ufa, mapiritsi ndi mabotolo a madzi akuda. Yang'anani bwino mayina othera ndi arishtam kapena asavam, monga Dasamoolarishtam. Popanga mankhwala amenewa amawika zitsamba m'madzi a shuga wa nzimbe kapena uchi, n'kutseka mtsuko kwa milungu ingapo kuti zisase. Zikasasa zimatulutsa mowa, wofika mpaka magawo 12 pa 100 alionse, kuposa wa m'mabotolo ambiri a mowa wamba. Wogulitsa sanganene kuti ndi mowa, chifukwa kwa iye ndi mankhwala basi. Koma kwa ife amene tinalonjeza kusakhudza chakumwa choledzeretsa, komanso kwa mayi woyembekezera kapena munthu amene akulimbana ndi kusiya mowa, supuni ziwiri m'mawa ndi madzulo si nkhani yaing'ono.

Osadya nyama nawonso awerenge. Ajamamsa rasayanam amapangidwa ndi nyama ya mbuzi, monga dzina lake likunenera m'chinenero cha Sanskrit. Chyawanprash, uja wooneka ngati jamu amene ana ambiri a ku India amanyambita m'mawa, ali ndi zipatso za amla zomwe zili ndi vitamini C, koma alinso ndi shuga wambiri, uchi ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe. Wodwala shuga asanyengedwe ndi zithunzi za masamba pachivindikiro.

Choopsa kuposa zonse ndi zitsulo. Mu Ayurveda muli nthambi yotchedwa rasa shastra imene imathira dala mekyule, mtovu ndi zitsulo zina m'mankhwala, pokhulupirira kuti zikawotchedwa kambirimbiri ululu wake umatha. Mu 2004 Dr. Robert Saper ndi anzake anayeza mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda ogulidwa m'masitolo a ku Boston, ndipo 14 anapezeka ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mu 2008 anayezanso ogulidwa pa intaneti, ndipo zotsatira zinali chimodzimodzi: pafupifupi amodzi mwa asanu alionse. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Mukaona mawu akuti bhasma kapena rasa pa botolo, lisiyeni pa shelefu pomwepo.

Ngakhale zitsamba zenizeni zili ndi malire. Ashwagandha, amene akutsatsidwa kwambiri kuti amathetsa nkhawa ndi kusowa tulo, wavulazapo chiwindi cha anthu ena, amasokoneza chithokomiro, ndipo sayenera kumwedwa ndi amayi apakati. Dziko la Denmark linamuletsa mu 2023. Turmeric, muzu wachikasu uja wa mu kale, ndi wabwino m'ndiwo, koma makapisozi ake ndi amphamvu kwambiri ndipo angasemphane ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Tinaona kuti ku Kottakkal komweko wodwala amayamba waonana ndi vaidyan, amene amamufunsa zaka, chakudya ndi mankhwala ena amene akumwa. Kwathu kuno botolo limafika lokha, popanda wofunsa. Choncho ngati muli pa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB, tengani botololo mukalionetse kwa dokotala kapena wa ku famase musanalitsegule, ndipo musasiye mankhwala akuchipatala chifukwa cha ilo. Pa pepala lake pakhale dzina la kampani, nambala ya chilolezo, tsiku lothera ntchito ndi mndandanda wonse wa zimene zili m'katimo. Ufa wogulitsidwa m'kajumbo kopanda dzina musaulandire, ngakhale wabwera nawo ndi m'bale wanu wochokera ku India.