Kwa Mwana Wopita ku UNZA: Usachite Manyazi Kufuna Distinction

Kapata, Chipata

Mwanawe Naphiri,

Mayi ako akudziwa kuti malangizo wawamva okwanira. Azakhali anena za anyamata, amalume anena za mowa, abusa anena za mapemphero, ndipo zonsezo n'zoona. Chimene palibe wachitchula ndi chimene ukupitira ku Lusaka. Kalata ino ikunena za icho: magiredi, mphoto, ndi liwu limodzi limene lidzalembedwe pa digiri yako.

Pa University of Zambia (UNZA) digiri imatuluka m'magulu anayi: Distinction, Merit, Credit ndi Pass. Tsiku lolandira madigiri onse amavala mikanjo yofanana, onse amajambulitsa ndi makolo awo pa kapinga yemweyo, koma mapepala awo safanana. Ukangofika udzakumana ndi anzako a m'chaka chachitatu okuuza kuti digiri ndi digiri basi, C ndi yokwanira, wofuna Distinction ndi munthu wopanda anzake. Mayi ako akukana zimenezo ndi mtima wonse. Mawu otere amakoma m'kamwa mwa mwana amene atate ake ali ndi mnzawo m'maofesi onse a mu Cairo Road. Iwe abale ako ali pa Saturday Market, ena ali m'minda ya nshawa ndi thonje, ena akupalasa njinga zonyamula anthu m'tauni muno. Pakhomo pamene sakukudziwa, wokulankhulira adzakhala liwu lija la pa digiri.

Choyamba, mapointi a Giredi 12 uwasiye kuno. Anakutchukitsa, mpaka aneba amene sankakupatsa moni anabwera kudzakugwira chanza. Koma m'holo ya chaka choyamba aliyense wokhala pambali pako anali woyamba kwawo: wina wa ku Chizongwe kapena St Monica's kuno kwathu, wina wa ku Chassa, wina wa ku Hillcrest ya ku Livingstone, wina wa ku David Kaunda ya mu Lusaka momwemo. Ana a mapointi 6 ndi 7 kumeneko ali mbwee. Ngakhale kawerengedwe kamatembenuka. Pa mayeso a Giredi 12 wopambana ndi wa nambala yochepa; ku yunivesite ukusaka A+ ndi A, ndipo mapointi amakoma akachuluka.

Kwa zaka zambiri chaka choyamba cha mu School of Natural Sciences chakhala ngati sefa. Ophunzira mazanamazana amalowa pamodzi kuphunzira masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloji, ndipo zotsatira za chaka chimenecho n'zimene zimagawa anthu: awa ku udokotala ku Ridgeway, awa ku uinjiniya, awa ku zamigodi, awa ku zaulimi kapena ku udokotala wa ziweto. Malo ndi owerengeka. Mwana amene amathera miyezi yoyamba akuzolowera East Park Mall, yomwe ili pa mpanda penipeni pa kampasi, amadzidzimuka timayeso toyamba titadutsa kale, ndipo maloto a udokotala amathera pomwepo iye asanadziwe n'komwe kuti mpikisano unayamba.

Chifukwa chake n'chakuti giredi ya kumeneko sibadwa tsiku la mayeso omaliza. Gawo lalikulu limachokera ku zimene ophunzira amangoti CA: timayeso tapakati, malipoti a mu labotale, ntchito zokalembera ku chipinda. Lipoti loperekedwa mochedwa limadya malikisi amene sabwereranso. Ndipo gulu la digiri limawerengedwa makamaka kuchokera ku maphunziro a zaka zomaliza, chachitatu ndi chachinayi, nthawi imene ambiri atopa, ena ali m'chikondi, ena ayamba kabizinesi kogulitsa zovala m'mahositelo. Sabata yoyamba ukapemphe kabuku ka malamulo a sukulu yako ndipo uwerenge wekha mmene mapointi amawerengedwera. Usamve za m'makhonde.

Kuli chinthu china chimene ana a kumudzi amachiopa pachabe: kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi. Kuno tinakuphunzitsa kugwada ndi kutsitsa maso pamaso pa akulu, ndipo ulemu umenewo usautaye. Koma kumeneko wophunzira wosafunsa amaoneka ngati kulibe. Mphunzitsi amene wakuona ukubwera ndi funso lolembedwa bwino, utayamba walimbana nalo wekha, ndi yemweyo amene adzakulembere kalata yokuchitira umboni pofunsira maphunziro apamwamba. Kalata yotero salembera munthu amene sakumudziwa nkhope. Upitenso ndi mnzako, chitseko chikhale chotsegula, ndipo wina aliyense akayesa kukugulitsa malikisi ndi thupi lako, ulembe tsiku ndi mawu ake, ukanene kwa akuluakulu oyang'anira ophunzira, uimbirenso kuno tsiku lomwelo.

Mayi ako akufuna udziwe pamene ukuponda. Mu 1964, dziko lino likulandira ufulu, ana a dziko okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesiteyo itatsegulidwa mu 1966 inayamba ndi ophunzira 312, ndipo a Kenneth Kaunda ndiwo anali Chansela woyamba. Zina mwa ndalama zomangira zinasonkhedwa ndi anthu wamba, ambiri osadziwa kulemba dzina lawo, amene anapereka timakobiri, nkhuku ndi mbuzi. Iwowo sankasonkhera kuti ana awo azikangodutsa ndi C.

Pa kampasi udzaona maiwe otchedwa Goma Lakes, kumene ophunzira amakhala pa udzu madzulo. Ambiri amatha zaka zinayi osafunsa kuti Goma anali yani. Pulofesa Lameck Goma anabadwira ku Lundazi mu 1930, kum'mawa kwathu konkuno, pa nthawi imene mwana wakuda kufika sekondale chinali chozizwitsa. Anaphunzira ku Munali, kenako ku Fort Hare ku South Africa, ku Cambridge, n'kudzatenga digiri ya udokotala wa maphunziro ku University of London. Ukatswiri wake unali pa udzudzu, ndipo anachita kafukufuku ku Uganda asanabwerere kwawo. Mu 1969 anakhala mwana wa Zambia woyamba kutsogolera yunivesiteyo monga Vice-Chancellor, udindo umene anaugwira mpaka 1976, ndipo pambuyo pake anakhala nduna ya maphunziro komanso ya nkhani za kunja. Ulendo wochoka ku Lundazi kukafika ku Cambridge m'masiku a atsamunda panalibe wachibale woutsegula. Anautsegula ndi magiredi.

Nkhani ya udzudzu sinathere pa a Goma. Kelly Chibale, wobadwira m'boma la Mpika mu 1964, anamaliza kemisitiri pa UNZA mu 1987. Anagwirako ntchito pa fakitale ya mabomba ophwanyira miyala ya Kafironda kufupi ndi Mufulira, kenako anapeza thandizo la maphunziro lopita ku Cambridge, kumene anamaliza PhD mu 1992. Kuyambira 1996 wakhala pa University of Cape Town, ndipo mu 2010 anakhazikitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano. Gulu lake, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, linapeza mankhwala a malungo otchedwa MMV390048, amene anafika poyesedwa pa anthu, chinthu chimene mankhwala a malungo ofufuzidwa motsogozedwa ndi akatswiri a mu Africa anali asanachitepo. Mu 2018 magazini ya Fortune inamuika m'gulu la atsogoleri 50 opambana pa dziko lonse. Iwe wagonapo ndi malungo, waonanso ana ali m'mabedi a ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete nyengo ya dzinja. Kemisitiri ya chaka choyamba imene anzako adzaitemberere ndi yomweyo imene munthu ameneyu anayambira, m'malabotale omwewo. Choncho ngati malo a udokotala atakuphonya, ulire tsiku limodzi, kenako ukagwire kemisitiri kapena bayoloji ndi manja awiri.

Pa akazi, a Irene Mambilima, obadwira kum'mawa kuno mu 1952, anaphunzira zamalamulo pa UNZA yomweyo, anatsogolera bungwe loyendetsa zisankho, ndipo mu 2015 anakhala mkazi woyamba kukhala Chief Justice wa Zambia, mpando umene anakhalapo mpaka imfa yawo mu 2021.

Koma amene mayi ako amamuganizira kwambiri ndi Lucy Sichone, mwana wa a Banda, wobadwira ku Kitwe mu 1954. Mu 1978 anakhala mkazi woyamba wa ku Zambia kulandira Rhodes Scholarship, mphoto imene imalipirira munthu zonse ku Oxford. Panali patangopita chaka chimodzi chitseko cha mphotoyo chitatsegulidwa kwa akazi. Akanatha kukhala ku England, kapena kubwera n'kumadya ndalama za makampani. Iye anabwerera n'kumaimira anthu osauka m'makhoti, ena othamangitsidwa pa malo awo, nthawi zambiri osawalipiritsa. Mu 1993 anayambitsa Zambia Civic Education Association kuti anthu wamba adziwe ufulu wawo. Ankalemba m'nyuzipepala ya The Post mopanda mantha, moti mu 1996 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti amangidwe pamodzi ndi a Fred M'membe ndi a Bright Mwape chifukwa cha zimene analemba, ndipo iye anakhala mobisala kwa kanthawi. Anamwalira mu 1998 ali ndi zaka 44 zokha. Mu 2015 chithunzi chake chinapachikidwa ku Rhodes House ku Oxford, kukhala mkazi woyamba mwa olandira mphotoyo kulemekezedwa motero m'nyumba imene makoma ake anadzaza amuna.

Mwana wa ku Chipata sangatchule dzina la Rhodes ngati dzina wamba. Tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, potengera Leander Starr Jameson, bwenzi la pamtima la Cecil Rhodes, amene mphotoyo inatengera dzina lake. Mu 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni m'dera lino, anapha Nsingo mwana wa mfumu, n'kulanda ng'ombe zikwizikwi. Anthu amene amavina pa Mtenguleni nthawi ya Nc'wala ndi zidzukulu za olandidwawo. Ena amati ndalama za Rhodes n'zosayenera kuzigwira, ndipo mayi ako amamvetsa mkwiyo wawo. Koma maganizo a mayi ako ndi akuti chuma chimenecho chinakumbidwa m'nthaka ya kumwera kwa Africa kuno, ndipo mwana wa kuno akachilandira chifukwa cha nzeru zake sakupemphetsa. Ukadzafika pofunsira, ufunsire mutu uli chilili, ukudziwa mbiri yonse. Osankha a mphotoyo amayamba ndi magiredi, kenako amafunsa kuti wachitira chiyani anthu ena. Yankho lake silipangidwa mwezi womaliza. Ukabwera pa holide, ukathandize atsikana a Giredi 12 a ku tchalitchi masamu ndi sayansi, chaka ndi chaka, chifukwa iwenso panali amene anakuthandiza.

Palinso mphoto zing'onozing'ono zimene zimaperekedwa pa mwambo wa madigiri kwa wophunzira wopambana m'sukulu iliyonse kapena m'phunziro lina, zina zochokera ku makampani ndi mabungwe a akatswiri. Ndalama yake nthawi zambiri si yoti n'kugulira munda. Phindu lake n'lakuti dzina limawerengedwa mokweza pamaso pa anthu olemba ntchito, ndipo mzere umodzi umenewo umakhala pa mapepala ako moyo wonse.

N'chifukwa chake njira yachidule ndi yoopsa kwambiri kwa iwe kuposa kwa waulesi. Kulowa m'mayeso ndi kapepala, kukopera lipoti la mnzako, kutenga zolemba za pa intaneti kapena zolembedwa ndi kompyuta n'kuika dzina lako, zonsezi zikagwidwa zimafafaniza zaka zonse za thukuta, ndipo mphunzitsi amene akanakulembera kalata yabwino sangakulemberenso. Credit yako yeniyeni idzalandiridwa pakhomo pano ndi nthungululu. Distinction yakuba isadzalowe.

Za ndalama n'zachidule. Zimene ophunzira amazitcha BC masiku ano ndi ngongole ya HELSB, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndipo udzaibweza ukayamba ntchito. Ndalama ya chakudya inachotsedwapo mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, kusonyeza kuti si chinthu choti n'kuchidalira ndi maso otseka. Ikalowa, uyambe wapatula ya lendi ngati malo a pa kampasi asowa n'kukapezeka uli ku Kalingalinga, ya kusindikiza mapepala ndi ya intaneti, foni yatsopano idikire. Ufa, nyemba ndi chiponde zizibwera pa basi. Makilomita oposa 500 a Great East Road amathera pafupi ndi geti la yunivesite yako, ndipo amalume ako amawadziwa makondakitala.

Zotsatira zilizonse zikatuluka, zokoma kapena zowawa, uzitumize kuno tsiku lomwelo mmene zilili, kuti ngati pali phunziro lokuvuta lipezeredwe thandizo nthawi ikadalipo. Chaka chachitatu chikayamba, ulembe penapake masiku otsekera mafomu a Rhodes, a Beit Trust ndi a Commonwealth, ufunsenso malire a zaka za kubadwa, chifukwa ena amazindikira atapitirira kale. Ya Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, choncho imeneyo ndi ya mtsogolo. Pasipoti ukhale utatenga chaka chachinayi chisanafike. Ndalama yake atate ako ndi mayi ako agwirizana kuti idzachokera ku chilimba cha amayi a pa msika, ndipo mayi ako alembetsa kale dzina.

Mulungu akusunge pa ulendo, ndipo uimbe mukangowoloka Luangwa.

Mayi ako