Buleki ya Amalume

Kwathu kwa Mwambo njinga yanga inalibe buleki. Pochokera ku Kachulu ndi dengu la matemba, ndinkaimitsa ndi chidendene, kupondereza tayala mpaka patapata kubowoka. Tsiku lina phazi linatereka, ine khu! m'ngalande, matemba ali mbwee.

Madzulo ake amalume anandiitana. Iwowa anakhalitsa ku Joni, ndipo anakwerako matiramu, tisitima ta magetsi ta m'misewu ya Johannesburg, asanatithetse mu 1961.

"Mphwanga," anatero, "chinthu cholemera sichiima ndi mwendo ayi. Chimaima ndi mpweya."

Anatenga pampu ya njinga, natseka kukamwa kwake ndi chala, nati ndikankhe. Inakana. Anafotokoza kuti makina amapopera mpweya wotere m'thanki. Woyendetsa akakoka chogwirira, mpweyawo umakankha pisitoni, pisitoniyo nkukanikiza zitsulo pa mawilo.

Zotsalazo ndinaziwerenga nditakula. Buleki yoyamba ya George Westinghouse, ya mu 1869, inali ndi vuto: paipi ikaduka, mpweya unkathawa, sitima nkumangopita. Mu 1872 iye anazitembenuza. Paipi yodutsa m'mabogi onse imakhala yodzaza mpweya, ndipo bogi iliyonse imakhala ndi kathanki kakekake. Mpweya wa m'paipi ukachepa, valavu imatsegula kathankiko, buleki nkugwira. Choncho sitima ikaduka pakati, zidutswa zonse ziwiri zimaima zokha. Sitima za malasha zochokera ku Moatize, zodzera ku Liwonde ndi Nayuchi, kumpoto kwa nyanja yathu ya Chilwa, zimaima mwa njira yomweyi.

Nditapeza ntchito m'tauni ndinayamba kuthamanga moipa: mowa, ngongole, kwathu osapondako. Ondibweza anali amalume okha, ndi makalata awo. Tsiku lomwe ndinamva za maliro awo ndinati basi, wondigwira palibenso. Loweruka lake, malipiro ali m'thumba, ndinafika pakhomo pa bala. Miyendo inakana kulowa. M'makutu munangomveka "Mphwanga." Ndinabwerera, ndalamazo ndinakapatsira mayi.

Ndipamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo nkhalambayo sinkangondikoka. Inkadzaza kathanki kanga, podziwa kuti tsiku lina paipi idzaduka.

Njinga ija ndinaigulira buleki. Ana a mlongo wanga ndiwo amakwera tsopano, ndipo akagwa ndimawaitana madzulo.