Pa Ulalo wa Luangwa, Pamene Mlendo Aitanidwa Kukhala Pansi

Munthu wocokera ku Lusaka kunka ku Cigawo ca Kum'mawa ali ndi mseu waukulu umodzi wokha woti atsate, ndiwo mseu wa Great East, umene utalika pafupifupi makilomita 570 kukafika ku Chipata. Mabasi ambiri anyamuka pa Intercity m'bandakuca, napyola Chongwe dzuwa lili kutuluka, nafika ku Rufunsa njala itayamba kale kuluma m'mimba. Kucokera pamenepo mseu uyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, kumene woyendetsa aliyense agwira ciwongolero ndi manja awiri ndipo nkhani za m'basi zitha. Pambuyo pake mseu utsika, mphepo yozizira ya kumtunda itsalira m'mbuyo, ndipo kutentha kwa m'cigwa kulowa pa mazenera. Apo munthu adziwa kuti wayandikira Ulalo wa Luangwa.

Ulalo woyamba pa malo ano unamangidwa m'caka ca 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Umene ulipo lero unatsegulidwa m'caka ca 1968. Utalika pafupifupi mamita 300, ndipo ugwiridwa ndi zingwe zacitsulo zotsika kucokera pa nsanja ziwiri zazitali. Tsidya la kumadzulo ndi Cigawo ca Lusaka, tsidya linalo ndi Cigawo ca Kum'mawa, ndipo malire a dziko la Mozambique ali pafupi cakumunsi kwa mtsinje. Munthu asanafike pa ulalo apeza mphambano ya mseu wonka kum'mwera ku boma la Luangwa, limene akulu akali kulichula kuti Feira, pamene Luangwa athira madzi ake mu Zambezi.

Koma mlendo wanjala sayamba ndi kuona zingwe za ulalo. Cimene ciyamba kumlonjera ndi fungo. M'mbali mwa mseu mwandandalika msika wa nsomba zouma zounjikidwa milumilu, milamba yakuda ndi utsi, miceni yong'ambidwa, madengu, nsengwa, zipewa ndi mikeka yolukidwa ndi manja, ndiponso masau ndi malambe pa nyengo yake. Pakati pa zonsezi pali tinyumba todyeramo, tina ta njerwa, tina ta malata, m'mene amai aima pa mbaula kuyambira m'mawa. Amai amenewa ali ndi funso limodzi tsiku ndi tsiku: kodi mwa anthu onse amene adutsa pano, ndi angati adzatsika ndi kukhala pansi?

PA ZENERA NDI PA THEBULO

Malonda a cakudya pa malo ano ali mitundu iwiri. Basi ikangoima, anyamata ndi atsikana athamangira ku mazenera ndi nsomba yokazinga, mazira owiritsa ndi zakumwa za m'mabotolo. Wogula atambasula dzanja, alipira, nadyera pa mpando wake. Malonda amenewa ndi acangu, koma wogula pa zenera atenga cinthu cimodzi cabe, ndipo mawa sakumbukira nkhope ya amene anamgulitsa.

Munthu amene watsika nakhala pa thebulo agula nsima, ndiwo ya nsomba kapena nyama, ndi ya masamba. Kawirikawiri awonjezapo thobwa kapena munkhoyo, ndipo ngati ali ndi ana mbale ziculuka. Akanyamuka wokhuta, mtima uli pansi, adutsa mu msika nagula nsomba za kunyumba ndi dengu loikamo. Ndalama yake igawika njira zambiri: ina inka kwa mlimi wa cimanga, ina kwa mwini cigayo, ina kwa woweta nkhuku, ina kwa mai wa kudimba amene anabweretsa repu ndi matimati, ndi inanso kwa mnyamata wotunga madzi. Ndico cifukwa cake nkhani ya kukhazika mlendo pansi si ya eni malesitilanti okha ai, ikhudza midzi yonse yozungulira.

Kusiyana kumeneku kunaoneka poyera m'caka ca 2020. M'mwezi wa Marichi, pofuna kucepetsa kufala kwa matenda a COVID-19, Boma linalamula kuti nyumba zodyeramo m'dziko muno zizigulitsa cakudya cotenga cabe, popanda munthu kudyera momwemo, kufikira mwezi wa Meyi pamene lamulolo linafewetsedwa. Nkhuku yokazinga ndi machipisi ziyenda bwino m'pepala, koma nsima siikonda ulendo. Ikakulungidwa m'pulasitiki icita thukuta ndi kulimba, ndipo msuzi utayikira m'cola. Nsima ifuna mpando, madzi osamba m'manja ndi kamphindi ka mtendere.

MANTHA A KUSIYIDWA

Kamphindi kameneko ndiko kasowa pa Ulalo wa Luangwa. Basi siikhalitsa, pakuti yonka ku Chipata ikali ndi makilomita oposa 300 patsogolo. Mlendo aopa kusiyidwa pamodzi ndi njala yake, katundu atapita, ndipo mantha amenewa ndiwo amgwira pa mpando wa m'basi ngakhale m'mimba mukulira.

Cotero mai wanzeru atsiriza nchito yake basi isanafike. Adziwa maola amene mabasi a ku Lusaka atsika phiri, ndi amene a ku Chipata ndi ku Lundazi awoloka ulalo. Ndiwo zipsa msanga. Nsima aiphika m'mapoto aang'ono motsatizana, m'malo mwa mphika umodzi waukulu wokhala kuyambira m'mawa kufikira utazizira. Mbale zikhala zotsuka kale, ndipo cenji ikhala pafupi, kuti munthu asaime kudikira ndalama yake hutala ili kulira. Amene alandiranso ndalama za pafoni acotsa vuto limeneli.

Pa miseu ikuluikulu ndi mwambo wodziwika kuti dalaivala ndi kondakitala alandiridwa mwapadera, ndipo cifukwa cake ncosabisika. Pamene dalaivala wakhala pansi kudya, okwera onse adziwa kuti basi siinganyamuke, ndipo mantha atha. Mbale yake ndiyo koloko imene onse ayang'ana: nsima ikatsala mbamu ziwiri, aliyense ayamba kusamba m'manja. Masiku ano a foni ya m'manja kondakitala akhoza kuuziratu wophika, basi ikali ku Rufunsa kapena ku Kacholola, kuti ateleke madzi okwanira.

Oyendetsa malole ndi alendo a mtundu wina. Iwo anka ku Malawi kudzera pa Mwami, kapena ku Mozambique kudzera pa Chanida, ndipo mseu umenewu aubwereza kangapo pa mwezi. Palibe hutala yowathamangitsa. Adziwa dzanja la wophika aliyense, ndipo auzana. Nyumba imene paima malole atatu siifuna cikwangwani cacikulu, pakuti munthu wa galimoto yake akaona malolewo adziwa kuti pamenepo pali nsima yabwino. Komanso ndiwo yosasa ikaperekedwa kamodzi kokha, mbiri yake ifika pa Mwami dzuwa lisanalowe.

MADZI A M'MANJA

Mantha aciwiri ndi a matenda. M'cigwa ca Luangwa mwezi wa Okutobala kutentha kufika madigiri 40, ndipo ndiwo yosiyidwa poyera siicedwa kuonongeka. Pamene pali nsomba zambiri, nchenche nazo sizisowa. Anthu a m'dziko muno sanaiwale kolera imene inagwa mu Lusaka kumapeto kwa caka ca 2017, ndi ina yoopsa koposa imene inayamba mu Okutobala 2023 ndi kupitirira mu 2024, imene inapha anthu mazanamazana ndi kucedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu. Mlendo wa lero ayamba wayang'ana manja a wophika asanayang'ane mumphika.

Kumudzi mwambo unali wakuti onse asambe m'beseni imodzi, kuyambira wamkulu kutsirizira mwana. M'nyumba yodyeramo anthu osadziwana mwambo umenewu ngwoopsa, pakuti wotsiriza asamba litsiro la anzake. Njira yabwino ndi ya madzi othiridwa kucokera m'jagi, kapena m'ndowa yokhala ndi kampopi, pamodzi ndi sopo, madzi akudawo nagwera m'beseni pansi. Ndowa imeneyi ikaikidwa pakhomo, poonekera kwa anthu a m'basi, igwira nchito ziwiri. Ichinjiriza moyo, ndiponso iitana. Mwana aliyense wa kum'mawa adziwa kuti kubweretsera mlendo madzi osamba m'manja ndiko kumuuza kuti nsima yapsa.

Malamulo a dziko, monga Public Health Act ndi Food Safety Act ya caka ca 2019, apatsa mphamvu oyang'anira zaumoyo a m'makhonsolo kuyendera malo ogulitsira cakudya, ndipo ophika afunika kupimidwa kucipatala nthawi ndi nthawi. Koma woyendera woyamba ndi mlendo mwini. Iye aona ngati miphika ili yovundikira, ngati zinyalala zili ndi dzenje lake, ndiponso ngati cimbudzi cili caukhondo ndi cotalikirana ndi mophikira. Munthu amene wakhala maola anai m'basi afuna cimbudzi asanafune nsima, ndipo kumene wapeza cimbudzi cabwino ndiko adyanso. Kupaka utoto wowala kukhomo, kuseri kuli uve, ndiko kumene akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

MTENGO NDI ULEMU

Ambiri oyenda pa mseu uno ndi anthu a kumudzi: mlimi wobwerera kwao atagula zitsulo za khasu la ng'ombe, agogo operekeza wodwala ku cipatala cacikulu ku Lusaka, mwana wa sukulu amene ndalama yake yawerengedwa kale. Anthu otere aopa kulowa m'nyumba imene sadziwa mtengo wake, kuopa manyazi a kudya cimene sangathe kulipira. Bolodi lolembedwa ndi coko pakhomo, loonetsa mtengo wa nsima ndi nsomba, nsima ndi nyemba, ndi kambale ka mwana, licotsa manyazi amenewa munthu asanaponde pakhomo.

Caka ca 2024, pamene cilala cinaononga cimanga ndipo Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse, ufa unakwera mtengo, ndipo wophika aliyense anayesedwa. Nthawi yotere njira zikhala ziwiri, kukweza mtengo poyera pa bolodi kapena kucepetsa mtanda wa nsima mwakacetecete. Mlendo akhululukira mtengo wokwera, pakuti iyenso agula ufa, koma sabwereranso kumene waona kuti anamcenjerera.

Kalandiridwe nako nkofunika. Kukoka munthu malaya ndi kumfuulira m'makutu kumthawitsa. Mau ofatsa onga akuti, "Fikani atate, malo alipo," kapena, "Amai, bwerani naye pamthunzi mwanayo," ndiwo atsitsa mtima. Mthunzi weniweniwo ndi cuma m'cigwa muno. Khonde la udzu lopita mphepo liposa cipinda ca malata cotentha ngati ng'anjo.

Ndiponso munthu atsika basi cifukwa ca cinthu cimene sangacipeze kwina. Pa ulalo cinthu cimeneco ndi nsomba. Koma caka ciliconse, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, Boma liletsa kupha nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti ziswane. Wophika wodalira nsomba yokha akhala manja lende miyezi itatu. Wanzeru akonzekeratu nkhuku ya kumudzi, mbuzi ndi nyemba, ndipo dzinja limthandiza ndi nkhwani wotendera, therere ndi bowa. Malo a matebeto a ku Thornpark mu Lusaka aonetsa kuti ngakhale anthu a m'maofesi asiya zokazinga za m'masitolo kukafuna ndiwo zoterezi.

KUTSIDYA LA MTSINJE

Basi ikawoloka ulalo ikwera mapiri kunka ku Kacholola, nifika ku Nyimba kumene nthoci zilendewera m'mbali mwa mseu, nipyola mphambano ya Petauke, Sinda ndi Katete, kufikira Chipata aonekera pakati pa mapiri ake. Malo onsewa ali ndi nyumba zodyeramo, ndipo onse alimbirana mlendo mmodzi yemweyo. Cigawo ca mseu cocokera pa ulalo kufika pa Mwami cinakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union ndi mabanki a citukuko. Mseu wabwino ufupikitsa ulendo, koma ucotsanso cifukwa coimira, pakuti munthu wa galimoto akhoza kupirira njala kufikira pa sitolo yokhala ndi firiji m'tauni.

Pali nyengo zimene mseu udzaza: mwezi wa Febuluwale pamene Angoni asonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, mwezi wa Ogasiti pamene Acewa anka ku Mkaika ku Kulamba, ndi miyezi ya misika ya mbeu pamene alimi ali ndi ndalama m'thumba. Masiku otere ngakhale wophika waulesi agulitsa. Koma amene alandira bwino anthu a pa mwambo ndiye adzawaonanso miyezi ya njala, mseu uli zii.

Mabanja a m'midzi ya m'mbali mwa mseu uno ali ndi gawo lao pa nchito imeneyi. Wophika sangalonjeze mlendo nkhuku ya kumudzi tsiku lililonse ngati woweta abweretsa lero nasowa mwezi wathunthu, ndipo sangaike masamba abwino pa mbale ngati a kudimba amtumizira ofota. Mlimi wosunga pangano ndi wophika apeza msika wosafuna ulendo wa ku Lusaka. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Pa Ulalo wa Luangwa mamewo akhala mphindi zowerengeka cabe, ndipo apindula nao ndi okhawo amene anakonzeka dzuwa lisanatuluke.