Nsanza imodzi, baketi imodzi: umu ndi mmene penti imafera

Motoka zambiri zimene tiyendetsa muno mu Lusaka zinayenda ulendo wautali: pa sitima kuchoka ku Japan mpaka ku Dar es Salaam, ndiye pa msewu kudzera pa Nakonde. Zimafika penti ikali kuwala. Koma ipatseni chaka chimodzi chabe mu komboni, muyang'ane boneti masana, mudzaona tumizere tozungulirazungulira monga ukonde wa kangaude. Anyamata amati ni zuba ya pa Zed. Dzuwa lili ndi mlandu wake, zoona, koma tumizere timeneto timabwera ndi manja a wotsuka.

Ine ndili ndi ka Vitz ka nkhongole. Mwezi ukatha, malipiro amafika atadulidwa kale. Tsiku lina ndidzafuna kukagulitsa, ndipo wogula asanamve n'komwe kulira kwa injini, maso ake amayamba kugwera pa penti. Ikaoneka yotopa, mtengo amaudula pomwepo. N'chifukwa chake ndimatsuka ndekha pa nyumba, motsatira zimene anandiphunzitsa amalume anga, amene anagwira ntchito ya udalaivala mpaka kupuma. Mawu awo anali akuti: "Mphwanga, nsanza ikagwira mchenga ni sandpaper. Manje iwe ungapake sandpaper pa ndalama zako?"

Anali kunena zoona. Pamwamba pa penti ya motoka zamasiku ano pali kachikopa koonekera kotchedwa clear coat. Ndi kamene kamawala, koma ndi kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Fumbi la mu August mpaka October lili ndi timchenga tolimba kuposa kachikopako. Mukatenga nsanza youma n'kuyamba kupukuta, kapena mukaviika nsanza imodzimodzi m'baketi imene yasanduka matope, mukukanda penti ndi manja anu.

Choyamba ndi nthawi. Ndimatsuka m'mawa kwambiri kapena madzulo, pa mthunzi, boneti ikali yozizira. Pa chitsulo chotentha sopo amauma musanamutsukuluze, n'kusiya mabanga. Ngati motoka yangobwera pa ulendo, ndimaidikira, chifukwa madzi ozizira pa mabuleki otentha si abwino.

Ndimayamba ndi matayala, ndi burashi ndi nsanza yakeyake. Fumbi lakuda la pa ma rimu lili ndi tizitsulo tochokera ku mabuleki. Nsanza imeneyo siyandikira chitseko ngakhale tsiku limodzi. Ndikatha, ndimathira madzi okhaokha pa motoka yonse ndi kachitini, kuyambira pamwamba, kuti fumbi lambiri litsike lokha dzanja lisanakhudze.

Manje nkhani ya mabaketi awiri. Imodzi ndi ya sopo, inayo ndi ya madzi oyera. Ndimaviika kansalu ka microfibre mu sopo, ndimatsuka chigawo chimodzi, ndiye ndimakatsukuluza m'baketi ya madzi oyera, kukafinya, kenako n'kubwerera ku sopo. Mchenga umatsala pansi pa baketi yachiwiri m'malo mobwerera pa penti. Mukadzayesa, yang'anani pansi pa baketiyo pomaliza. Zimene mudzapezamo ndi zimene mukanazikhuta pa boneti.

Dzanja liyambe pamwamba: denga, magalasi, boneti, zitseko, ndipo kumunsi kumene kuli matope kukhale komalizira. Ndimayendetsa nsalu mowongoka, osazunguliza, osakanikiza. Ikagwa pansi, basi, yatha ntchito mpaka itachapidwa. Osangoikung'untha ati yayera.

Pa sopo ndiye timakangana maningi ndi anzanga. Sopo wochapira zovala kapena wa mbale anapangidwa kuti achotse mafuta, ndipo amachotsanso polishi imene imateteza penti. Wa ufa uja amasiyanso timibulu tosasungunuka. Shampoo ya motoka imaoneka yodula pa shelefu, koma mumathira pang'ono chabe m'baketi, botolo limodzi limakhala miyezi.

Wina adzati, mudala, ise manzi tigula pa kiosk, mabaketi awiri ni kuwononga. Ine ndimatunga zigubu ziwiri za malita 20, ndipo ka Vitz konse kamayera, matayala omwe. Paipi yosiyidwa yotsegula imataya madzi ochuluka kuposa amenewo musanafike ndi pa chitseko chachiwiri. Amene anaona chilala cha 2024, malaiti akupita maola ambiri ndi mapampu ataima, sangafune kuti aneba amuone akusefukiza madzi m'njira. Madzi otsala m'baketi yotsukuluzira ndimathira pa bwalo kuti fumbi ligone.

Kupukuta ndi kofunika monga kutsuka. Lusaka inakhala pamwamba pa miyala ya laimu, yomwe ija imapangidwa simenti ku Chilanga. N'chifukwa chake madzi a pa borehole amasiya zoyera mu ketulo. Mukasiya motoka kuti iume yokha, zoyera zomwezo zimatsala pa penti ndi pa magalasi monga madontho, ndipo zikakhalitsa pa dzuwa zimavuta kuchotsa. Ndimatenga thaulo la microfibre louma ndi loyera, kuliyala pa boneti, kulikoka pang'onopang'ono. T-shirt yakale ndi thaulo losambira ndimazisiya m'nyumba.

Pali zina zosadikira Loweruka. Zitosi za mbalame zimadya clear coat, makamaka dzuwa likaziwotcha. Ndimaikapo nsalu yonyowa mphindi zingapo kuti zifewe, kenako kuzinyamula, osakhuta. Maluwa a jacaranda amene amagwa mu September ndi October akanyowa amamatirira, choncho ndimawachotsa tsiku lomwelo. Nthawi ya mvula, matope obisala m'kati mwa mudguard amasunga chinyontho ndi kuitana dzimbiri, ndiye ndimathirako madzi mpaka atuluke oyera. Injini yokha sindiithira baketi, muli mawaya ndi ma sensor amene mtengo wake ungakulizeni.

Ana a pa yadi amakonda kuthandiza, ndipo sindiwathamangitsa. Ndimawapatsa matayala ndi ma carpet, penti ndimagwira ndekha. Akalemba "nisambikeni" ndi chala pa fumbi la pa buti, ndimawaonetsa mzere umene chala chasiya pansi pake.

Ngati motoka yanu ili kale ndi tumizere, wax imatibisa kwa kanthawi. Makina a polishi amatichotsa, koma amachita zimenezo podya kachikopa kaja, ndipo kakatha sikameranso, chotsala ndi kupentanso. Funsani mtengo wopenta chitseko chimodzi chabe kwa ma panel beater, mukatero mufunse mtengo wa baketi yachiwiri pa Soweto Market.